Chitsulo cha Matipate

Lolemba
Mu minibasi yochokera ku Boma, mnyamata wa ku koleji akuti chitsulo chosungunuka ukachiziziritsa mwadzidzidzi, tizidutswa take sitipeza mpata wofola pamzere. Timangouma balalabalala ngati galasi, ndipo maginito amachikonda zedi. Chitsulo cha matipate, aliyense ndi chipani chake! Ndichipanga ine. Adziwe pamudzi pano kuti mkamwini si wongosoka fodya.

Lachiwiri
Zofunika: makala, mvukuto, khasu lakutha, mtsuko wa madzi, maginito oyesera. Maginito ndazula m'sipika ya wayilesi ya a Chimphepo, atsibweni a mkazi wanga. Ali ku maliro ku Ntchisi, abwera Loweruka. Wayilesi pamudzi pano ndi yomweyi. Akadziwa, ndinyamula mphasa kubwerera kwathu ku Dzoole. Koma adziwa bwanji?

Lachitatu
Ndikupopa mvukuto kuseri kwa chigafa. Khasu lafiira, kusungunuka ayi. Zasungunuka ndi nsidze zanga. Mkazi wanga: "Bambo a Tadala, khasulo ndi la amayi."

Lachinayi
Khasu likakhala psuu, maginito sakuligwira. Likazizira, gwi! Zodabwitsa! Ndaliwotchanso, ndaliponya mumtsuko. Mtsuko phwa! Galasi palibe. Apongozi sangandikalipire pamaso, mwambo sulola. Akukalipira nkhuku: "Iwe, unabwera chimanjamanja, lero ukutiswera mitsuko!"

Lachisanu
Nzeru zina: mwina maginitowa akumva chisanu, kuno kumapiri si masewera. Ndawaika pamoto. Tsopano sakukoka ngakhale singano. Mayo ine! Ndawapepesa, ndawafunditsa, ndawapaka mafuta ophikira. Zii.

Loweruka
Maginito aja ndawabwezera m'sipika. A Chimphepo afika, mudzi wonse wasonkhana pansi pa mango kudzamva za zipani. Atsegula. Wayilesi ikulira ngati udzudzu. Akuigwedeza, akuinunkhiza: "Bwanji ikununkha utsi?" Maso onse pa nsidze zanga.

Lamulungu
Mlandu watha. Sandithamangitsa, tithokoze Mulungu. Chigamulo: mpaka fodya atagulitsidwa n'kugula sipika ina, sipika ndine. Khutu pa wayilesi, kenako kufuula zomwe ndamva. Nkhani ndakwanitsa. Mauthenga a maliro ndakwanitsa, amayi ena mpaka misozi. Tsopano yayamba nyimbo ya chikondi, apongozi ali apo pamkeka, ndipo a Chimphepo akuti, "Kwezani voliyumu, akamwini."