Nyemba za Kuseri kwa Firiji ya a Chimnofu

Inu, tamverani, ndipo amene ali ndi chakumwa m'kamwa ayambe wameza, angatsamwe nazo.

Mumsewu wina wa mashopu munali bambo wogulitsa nyama amene aliyense ankangowatchula kuti a Chimnofu. Dzinalo silinkawanamizira. Khosi linali la mapindi atatu, mimba inkayamba kulowa pakhomo eni ake akadali panja, ndipo akamenya fupa ndi chikwanje, wometa tsitsi wa shopu yoyandikana nayo ankayamba waimitsa lumo kuopa kudula khutu la munthu. Pamwamba pa khomo la butchala yawo analembapo ndi penti yofiira kuti MWAMUNA NDI NYAMA. Mayi wina akangoyerekeza kunena kuti mawa aphika nyemba, a Chimnofu ankapukusa mutu ngati amva uthenga wa maliro.

"Nyemba? Amuna anu anakulakwirani chiyani, mayi? Onjezerani kachiwindi aka, banja lingakuthereni."

Anthu ankaseka n'kugula. Malonda onse anatsamira pa mimba imeneyo ndi pakamwa pamenepo, poti aliyense ankati munthu wonenepa chonchi ndiye akuidziwa nyama.

Koma pamene pagona nkhani ndi apa: a Chimnofu nyama sankaifuna n'komwe. Munthu ukamagwira magazi ndi mafuta kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zaka ndi zaka, fungo lake limakufika pakhosi. Kunyumba ankangoitafuna mwaulemu, yambiri n'kumagwetsera mphaka pansi pa tebulo. Chimene mtima wawo unkakonda, chimene ankachilota ali maso, chinali nyemba. Kuchipinda chakumbuyo kwa butchala, kuseri kwa chifiriji chosungiramo nyama, anabisako thumba la nyemba zofiira, kasitovu ka magetsi, kapoto, ndi supuni imodzi yoperepeseka mbali chifukwa chopalira. Masana ankatseka chitseko n'kupachika chikwangwani choti akunola mipeni. Fungo likatulukira pawindo, ankanamizira telala wa tsidya la msewu, amene anali wogontha pang'ono moti sakanadziteteza.

Chinthu chimodzi ankachiopa kuposa imfa: kuti msewu udziwe. Makamaka wometa uja, poti nkhani ikalowa m'shopu mwake inkatuluka ndi mutu uliwonse umene wametedwa.

Tsoka silinunkha. Lamlungu lina mzime wawo, mtsikana amene ankamukonda ngati diso, anabwera kunyumba ndi mnyamata wokonza mafiriji. Anali wowonda, waulemu, atanyamula poto wokulungidwa m'kansalu.

"Ababa, awa ndi aja ndinkakuuzani."

"Pepani bambo," anatero mnyamatayo, "ndabwera ndi ndiwo zanga kuti ndisavutitse amayi. Ine nyama sindidya."

"Ukudwala?"

"Ayi, bambo."

"Nkhuku?"

"Ayi."

"Nsomba? Dzira?"

"Ngakhale mkaka, ngakhale uchi. Chilichonse chochokera ku nyama sindidya. Anthu ngati ife amatitchula kuti mavigani."

"Mumapemphera tsiku lanji?"

"Si mpingo, ababa," anatero mzime uja, nkhope ili pansi.

"Nanga uchiwo, njuchi inabwera kudzakudandaulira?"

Mnyamatayo anangomwetulira n'kuvundukula poto wake. Abale inu! Munali nyemba, zitapsa mpaka kung'ambika misana, msuzi wake wolemera, wofiirira, muli tomato, adyo ndi kenakake kena kamene mphuno ya a Chimnofu inakasaka koma osakapeza. Malovu anadzaza m'kamwa. Patsogolo pawo panali chinyama chowotcha chachikulu ngati nsapato, ndipo anayenera kuchidya pamaso pa mlendo, uku mayi a m'nyumba akuthira nyemba pa mpunga wawo n'kumayamikira mokweza. Njala yosakanikirana ndi nsanje ndi yoopsa. A Chimnofu anamenya tebulo.

"Mwana wa Chimnofu sangakwatiwe ndi munthu wolimbirana chakudya ndi mbuzi! Msewu umva zotani? Kuti wogulitsa nyama walephera kudyetsa nyama mkamwini wake yemwe? Ndatha ine, nkhani yatha."

Mzime anadzuka misozi ili chuchuchu. Mnyamata anatsanzika mwaulemu womwe uja, ndipo amayi anatuluka kukamuperekeza. Poto anaiwalika patebulo.

A Chimnofu anayang'ana kukhomo, anayang'ana poto. Anati angolawa nyemba imodzi kuti adziwe chimene akukana. Pamene amayi ankabwerera, poto anali akuwala mkati ngati watsopano.

"Nyemba za mlendo zapita kuti, bambo?"

"Mphaka."

"Mphaka?"

"Ndam'peza mutu wonse uli m'poto. Chinyama chopanda mwambo chimenechi."

Amayi anayang'ana mphakayo, amene anali gone pansi pa tebulo atakhuta nyama yowotcha, kenako anayang'ana amuna awo.

"Ndiye waphunzira mphaka wathuyu," anatero. "Mpaka kubwezerapo chivundikiro."

Masiku otsatira anali owawa. Mzime anasiya kuwalankhula, ngakhale mchere ankaupereka kudzera kwa amayi ake, ndipo zimenezi zinkawapweteka mtima a Chimnofu kuposa mmene ankaonetsera. Koma choipitsitsa chinali chakuti nyemba zawo za kuseri kwa firiji zinasanduka timiyala m'kamwa. Lilime linali litalawa zina. Anayesa kuthira jinja, sizinatheke. Anafinyira ndimu, zinangowawasa. Tsiku lina anakazinga adyo wambiri, kasitomala n'kugogoda kutsogolo, iwo n'kuiwala kapoto pamoto. Pobwerera anapeza chipinda chonse chili utsi tolo, ndipo wometa uja anali kale pakhomo ndi chidebe cha madzi.

"Moto! A Chimnofu, mukupsa!"

Iwo anakankhira kasitovu kotenthako kuseri kwa firiji ndi phazi, n'kutchinga khomo ndi mimba.

"Palibe moto. Ndikuwaula ziboda."

Wometa ananunkhiza. "Ziboda zonunkha adyo?"

"Ng'ombe yake inkadya m'dimba. Pitani, mwasiya munthu ndi mutu wa theka."

Wometa anapita, koma kuyambira tsikulo anasunthira mpando wake pafupi ndi windo. A Chimnofu sanayerekezenso kuyang'ana kuseri kwa firiji. Sanadziwe kuti kasitovu kaja kanali katawaula chingwe cha magetsi, moti firiji inkangoyaka n'kuzima, madzi oundana akusungunuka pang'onopang'ono n'kumadonthera m'thumba la nyemba. Ndipo nonse mukudziwa chimene nyemba imachita ikamwa madzi.

Loweruka m'mawa, tsiku la malonda, firiji inangoti zii. Pansi ponse panali madzi, m'kati muli nyama ya ng'ombe yathunthu, kunja dzuwa likuswa mtengo. A Chimnofu anaimbira wokonza wina, anali kumaliro. Anaimbira wina, foni inangolira. Anaimbira akazi awo.

"Musadandaule, bambo," anatero amayi. "Ndikutumizirani munthu."

Munthu wake mwam'dziwa kale. Anafika ndi chikwama cha zipangizo, anapereka moni ngati palibe chinachitikapo, n'kulowa kuchipinda chakumbuyo. M'butchala munali mutadzaza anthu, ndipo wometa anabwera limodzi ndi kasitomala wake, nsalu idakali m'khosi.

"Vuto lili kumbuyo, bambo. Tiikoke."

"Ayi! Ikonzere kutsogolo."

"Chingwe chili kumbuyo."

"Firiji imeneyi siikonda kusunthidwa!"

Mnyamata anali ataikoka kale. Thumba lija linali litatupa ngati mbuzi yakufa, ndipo chinkalichirikiza ndi firijiyo basi. Linangoti phuu! Nyemba zinakhuthuka, zonenepa, zoterera, zina zitamera kale timichira toyera, n'kugubuduzika kudutsa pakhomo mpaka kumapazi a makasitomala. A Chimnofu anati athamange akatseke chitseko, phazi n'kuponda nyemba, mwendo kumwamba, thupi lonse pansi khuu! Sikelo inadumpha pakauntala. Kapoto kaja kanatuluka kakugubuduka, kanazungulira kawiri, n'kukaima pamapazi a wometa.



Wometa anatola nyemba imodzi n'kuiyang'anitsitsa. "A Chimnofu, ng'ombe zanu zayamba kuikira mazira? Katunduyu ndi wa ndani?"

Munthu akamamira amagwira ngakhale udzu. A Chimnofu, ali chikhalire m'madzi, analoza mnyamata uja.

"N'za uyu! Anandipempha kuti ndimusungire. Ine ndi mtima wanga wabwinowu!"

Mnyamatayo anayang'ana kasitovu, anayang'ana supuni yoperepeseka ija, kenako anayang'ana bambo wamkulu amene maso ake ankapempha chifundo ngati a mwana woswa mbale.

"Zoona," anatero. "N'zanga. Zikomo posunga, bambo. Ndizitenga lero lomwe kuti zisakuvutitseninso."

Anthu anaseka mnyamatayo mpaka misozi, wina n'kumulirira ngati mbuzi. Iye analumikiza chingwe, firiji inayamba kung'ung'udza, kenako anasesa nyemba zonse osasiya ndi imodzi yomwe. Ananyamula thumba, ananyamula kasitovu, ananyamula kapoto.

"Supuniyonso?" anafunsa a Chimnofu ndi kamawu kakang'ono.

"Nayonso ndi yanga. Si choncho, bambo?"

Wometa anali atatchera khutu.

"Ndi yako," anatero a Chimnofu, ndipo mumtima analira maliro.

Dzina linapulumuka, koma mimba inalowa m'ndende. Kukagula nyemba zina sakanatha, poti mayi wogulitsa nyemba ankakhala moyang'anizana ndi windo la wometa, ndipo wometayo tsopano ankawaperekeza ndi maso ngakhale popita kokataya madzi. Masana ankapachikabe chikwangwani chija, koma tsopano ankanoladi mipeni, mpaka ina inatsala ngati singano. Lamba anayamba kukhwefuka. Kunyumba mzime anali chetebe. Mayi wina wogula anawafunsa ngati akudwala, ndipo anaona yekha kuti mayiyo wayang'ana nyama mokayikira.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina masana anavula epuloni, anazungulira njira yakumbuyo, n'kukafika pa shopu ya mnyamata uja. Anam'peza atakhala pakati pa mafiriji akufa, mbale ili pamwendo. Pa kasitovu kawo komwe kaja panali poto akubwata, fungo lake lomwe lija la Lamlungu.

"Takulandirani, bambo. Kwagwanji?"

"Firiji ija. Ikulira mwachilendo."

"Ikulira bwanji?"

A Chimnofu asanayankhe, mimba yawo inabangula yokha, kubangula kwakutali, kokhala ndi mafunso kumapeto.

"Choncho," anatero.

"Kulira kumeneko ndikukudziwa," anatero mnyamatayo akuvundula poto ndi supuni yoperepeseka ija. "Mankhwala ake ndi awa. Koma pali vuto limodzi, bambo. Nyemba zimenezi ndimaphikira achibale okha."

A Chimnofu anaganiza za mawu ofiira a pamwamba pa khomo aja, anaganiza za wometa. Kenako anaganiza za mwana wawo wosalankhula uja, ndi za mnyamata amene analola kuliriridwa ngati mbuzi pagulu kuti bambo womunyoza asachite manyazi. Nthunzi inawafika pamphuno.

"Mkamwini," anatero, "tabweretsa mbale. Yakuya."

Anadya mbale zitatu osadzutsa mutu. Pomaliza anapukuta thukuta n'kunong'ona kuti, "Koma msewu usamve. Ngakhale apongozi ako aakazi kunyumba asamve. Zaka zonsezi sadziwa kanthu."

Mnyamatayo anatsokomola pang'ono n'kuyang'ana kumbali.

Lamlungu lotsatira onse anakhala patebulo lomwe lija, poto ali pakati. A Chimnofu anaimirira, anakonza kolala, n'kulankhula ngati munthu wopereka nsembe yaikulu.

"Ndaganiza mofatsa. Mnyamatayu ali ndi chilema chake cha zakudya, koma mtima wake ndi wabwino. Ndavomera."

Mzime anawakumbatira m'khosi akulira, ndipo iwonso diso linanyowa, ngakhale ananamizira tsabola.

"Ndipo pofuna kusonyeza kuti ndine munthu wololera," anapitiriza, "lero ndidzikakamiza kulawa nyemba zakezi. Koyamba m'moyo wanga. Mundithirire pang'ono chabe, mwina thupi likana."

Amayi anatenga chikombe n'kudzaza mbale mpaka m'milomo.

"Idyani bambo, musavutike ndi sewero. Mukuganiza kuti amene anamuuza mnyamatayu kuti pobwera kudzaonekera anyamule poto wa nyemba ndi ndani? Mphaka?"

Supuni inaima m'malere. A Chimnofu anayang'ana mkamwini, mkamwini anayang'ana kudenga. Anayang'ana mzime, mzime analuma mlomo.

"Mayi, inu mumadziwa? Anakuuzani ndani? Wometa?"

"Wometa wa chiyani? Ine ndafunda nanu bulangeti limodzi kuyambira mwana wathuyu asanabadwe. Mumaganiza kuti windo lakuchipinda ndimalisiya lotsegula ngakhale m'nyengo yozizira chifukwa chokonda kuona nyenyezi?"