Chitenje cha Apongozi pa Phiri la Mchenga

M'buti ya galimoto yanga muli chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chopindidwa bwino pambali pa tayala la sipeya. Anthu akachiona amayesa ncha akazi anga, ine sinditsutsa. Koma poti anzanga a Mbewe ayamba kale kuifalitsa nkhaniyi mumzinda wonse wa South Bend kuno ku America, atathirako ndi mchere wawo, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Mwana wathu woyamba, Takondwa, atabadwa, apongozi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzatithandiza kulera. Timakhala ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, m'nyumba yaing'ono yokhala ndi kanjira kamodzi kopapatiza kochokera pabalaza kukafika kubafa. Tsono inu mukudziwa mmene tinaleredwera: mkamwini sakhulana mapewa ndi apongozi ake. Kumudzi zimenezi nzosavuta, ukawaona akubwera umangopatukira m'chimanga. M'nyumba ya ku Lawrence mulibe chimanga. Ndikamva mapazi awo m'kanjiramo ndinkalowa chitseko chilichonse chimene chili pafupi (tsiku lina ndinabindikira m'kachipinda ka makina ochapira mpaka iwo atamaliza kuyankhula pafoni ndi mudzi wonse). Chakudya ndinkadyera kuchipinda. Moni ndinkapereka chogwada, maso ali pansi. Mumtima ndinkati mkamwini waulemu ngati ine ku America kuno sangapezekenso.

Ndiye tsiku lina nditabwera kuchokera kuntchito, akazi anga anandikhazika pansi. Anati amayi apempha kuti tiwasinthire tiketi abwerere kumudzi msanga, chifukwa akuona kuti akundisowetsa mtendere m'nyumba yanga yomwe. Akuti munthu wothawira ku makina ochapira ndiye kuti mlendo wamukwana.

"Lolemba ndikuchinja deti," anatero akazi anga. "Ndipo amayi akapita, tchuthi changa chikatha, mwanayu muzipita naye kuntchito ndinuyo."

Zinandiwawa kwambiri. Ulemu wanga wonse uja anautenga ngati chidani. Komanso, kunena zoona, ndinkawafuna amayiwo pakhomo. Ndinapempha kuti andipatse Loweruka limodzi lokha, ndiwaonetse apongozi kuti ndi mlendo wokondedwa. Ndinali nditamva za mapiri a mchenga a m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, kupitirira South Bend pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti malo anga ndi amenewo. Ine ndinakulira ku Nsanje. Mchenga wa m'mbali mwa Shire ndinauponda popanda nsapato dzuwa lili paliwombo. Ngati pali chinthu chimodzi padziko lapansi chimene sindifuna kuphunzitsidwa, ndi mchenga.

Tinanyamuka Lachisanu nkukagona kwa a Mbewe, mnzanga wa kusukulu amene ndi namwino ku South Bend. M'mawa ndinatulukira nditavala malaya oyera, nsapato zosongoka ndi buluku la suti yanga ya ukwati (kuchokera tsiku la ukwatilo, m'chiuno mwanga munali mutachitika chitukuko chooneka ndi maso). A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mukupita ku intavyu? Kumeneko anthu amavala kabudula."

Ndinawafunsa ngati iwo anayamba awaonetsapo apongozi awo maondo. Anangopukusa mutu nkupitiriza kumwa tiyi.

Titafika tinapeza malo oimika galimoto atadzaza. Mpata umene unatsala unali kutali, ndipo sindikanalola kuti apongozi ayende mtunda wonsewo padzuwa. Kumapeto kwa phula ndinaona bwalo lalikulu la mchenga, losalala bwino, lofika m'tsinde mwenimweni mwa phiri, lopanda galimoto ngakhale imodzi. Ndinadabwa kuti azungu onsewa sanalione bwanji. Akazi anga analoza chikwangwani choletsa kulowa ndi galimoto. Ndinawayankha kuti chimenecho anaikira anthu osadziwa mchenga.

Galimoto inayenda pang'ono, kenako inakhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Ndinaponda moto. Matayala anangokumba, mchenga ukuulukira m'mwamba. Ndinabweza giya, nkupondanso. Tinatitimira kuposa poyamba. Kumpando wakumbuyo kunamveka mawu odekha a apongozi akufunsa mwana wawo ngati tafika.

Anatikankha ndi anyamata ena ovala makabudula. Galimoto itabwerera paphula, mlonda wa pamalopo anabwera nkundilankhula pang'onopang'ono, akutchula liwu lililonse mosamala ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Apongozi samva Chingerezi, choncho anafunsa kuti bamboyo akuti chiyani. Ndinati akutilandira ndi manja awiri. Akazi anga anatsokomola kwa nthawi yaitali.

Munthu wina akanafooka pamenepo, koma ine ndinati galimoto ndi galimoto, nzeru zanga zili m'miyendo. Titaimika galimoto kutali kuja nkuyenda mpaka m'tsinde mwa phiri, akazi anga anapeza mthunzi, nakhala pansi ndi mwana, nkunena kuti iwo sakwera. Mukwere awiri, anatero, akuyang'ana kumbali (mpaka lero amakana kuti anachitira dala). Ndinatsogola, ndikusiya mpata waulemu pakati pa ine ndi amayi.

Mchenga wa ku Nsanje ndi wogona, uwu unali woimirira. Ukaponda kutsogolo umatsetsereka nkubwerera pafupifupi pomwe unali. Nsapato zosongoka zija zinadzaza mchenga wotentha mpaka zala zinayamba kudandaula. Ndinazivula nkuzinyamula m'manja, kukumbukira ubwana wanga. Apa mpamene ndinazindikira kuti mapazi a ku Nsanje aja anatsala ku Nsanje komweko. Awa anali a munthu wozolowera kapeti. Ndinkadumphadumpha ngati ndikuvina beni. Apongozi ankabwera pambuyo mosathamanga, atagwira chitenje, akupumira apo ndi apo.

Komabe tinafika pamwamba. Madzi anali mbee mpaka kumene maso amalekezera, tsidya lina osaoneka. Amayi anaima kwa kanthawi, kenako anati dziko la Mulungu ndi lalikulu, ndipo anandithokoza powabweretsa. Mtima wanga unadzaza. Ndikanangokhala chete pamenepo, ulendowo ukanatha mwaulemu.

Koma ndinaona ana akutsika phirilo chothamanga, akukuwa ndi chisangalalo, ndipo ndinauza amayi kuti kwathu masewera amenewa tinkachita tisanamere ndi mano omwe. Ndinavala nsapato, ndinakweza buluku, nkudziponya.

Poyamba zinkakoma. Kenako thupi linayamba kuthamanga kuposa miyendo. Kuti ndilipeze ndinatambasula mwendo kwambiri, ndipo kumbuyo kwanga kunamveka kuti ng'ambu. Sindinapeze mpata woganizira za phokosolo, chifukwa phazi linapindika, ndipo ndinangoti gubudugubudu, thambo ndi mchenga zikusinthana. Ndinakaima pakatikati pa phiri, mchenga uli m'kamwa ndi m'makutu momwe. Kamphepo kozizira kamene kanandipeza kumbuyo ndi kamene kanandiuza zonse. Buluku la ukwati linali litang'ambika kuchokera palamba mpaka chakubondo.

Ndinakhala pansi mwachangu nkudzikwirira ndi mchenga, wotentha womwewo. Odutsa ankafunsa ngati ndili bwino, ine nkumamwetulira. Pamwamba ndinaona apongozi akutsika pang'onopang'ono, atatola nsapato yanga imodzi. Ndinafunafuna kopatukira. Paphiri la mchenga palibe chimanga, palibenso makina ochapira.

Atafika anandifunsa ngati ndavulala. Ndinati ayi, ndikungopuma kuti ndione bwino nyanja. Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana chinsalu chakuda chimene chinkalendewera pambali pa ntchafu yanga, kenako anatembenuka nkundipatsa msana. Anamasula chitenje chimene anafunda pamwamba pa diresi, nachipereka chakumbuyo osacheuka.

"Bambo a Takondwa, valani. Ine ndikuyang'ana nyanja."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndikulimbana ndi kumanga, ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Anayesetsa kudzigwira, mayi wolemekezeka wa mvano, koma zinawakanika. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Manyazi anandigwira oti nthaka ing'ambike ndilowe, komabe sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, nanenso ndinapezeka ndikuseka. Anandilangiza kamangidwe ka chitenje ali chipenyere kunyanja, chifukwa mmene ndinamangira ine chikanagwa ndisanapite patali.

Nditaimirira, bondo linali bwino koma kakolo anakana kugwira ntchito. Amayi sanafunse nkomwe. Anatenga mkono wanga nkuuika paphewa pawo. Mkamwini waulemu kuposa onse ku America anatsika phiri atatsamira apongozi ake, atavala chitenje cha maluwa achikasu, malaya oyera ndi nsapato zosongoka. Mayi wina wachizungu anatiimitsa nkunena kuti siketi yanga ndi yokongola, ndipo anafuna kudziwa kumene ndinagula. Akazi anga, m'malo mondimvera chisoni, anatulutsa foni nkujambula. A Mbewe anachiona chithunzicho tisanafike nkomwe pakhomo pawo.

Pobwerera ku Indianapolis anayendetsa ndi akazi anga. Ine ndinakhala kumbuyo, phazi lotupa litatambasulidwa, mpando wa mwana uli pakati pa ine ndi amayi. Tinacheza njira yonse, za ku Dedza, za ku Nsanje, za mtengo wa feteleza. Titayandikira kwathu akazi anga anafunsa, akuyang'ana pagalasi, ngati Lolemba asinthebe tiketi ija.

"Isiye," anatero amayi. "Ndimayesa ndikukusiyira mwana mmodzi. Awiri sungawathe wekha."

Masiku ano timadyera patebulo limodzi, ndipo tikakumana m'kanjira kaja timangopatsana mpata ngati anthu. Chitenje chija nditachapa nkukabweza anakana kulandira, anati chizikhala m'galimoto poti za mawa sizidziwika.

Ine ndimanenabe kuti mchenga ndimaudziwa, wolakwa anali telala. Ndawauza kale kuti kukatenthanso tibwerere, ndikawaonetse katsikidwe kenikeni. Amayi avomera. Angoti nthawi ino atenga zitenje ziwiri.