Mtedza wa Akamwini

Lolemba

Alangizi a zaulimi afika pa njinga yamoto ndi uthenga. Lachisanu kukubwera alendo. Kampani ya kunja imene imagula mtedza wa kalabu yathu n'kukapanga chiponde ikutuma mayi wina kudzaona ngati timalima mosazunza munthu. Akakhutira, apitiriza kutigula. Akapanda kukhutira, tibwerera kwa mavenda a pa Nsaru ndi masikelo awo aja osakonda chilungamo.

Ine monga wapampando, mtima uli m'malo. Zinthu izi ndimazidziwa. Anthu akunja akati ufulu wa anthu, kwenikweni amanena ana. Ndiye dongosolo langa nali:

— mwana aliyense kusukulu, ngakhale wachimfine
— makasu ang'onoang'ono onse akwere kudenga
— chimbudzi cha pa shedi chifoleredwe
— aliyense aphunzire kuyankha zoona, koma mwachidule

Zachepa!

Kufolera ndapatsa mkamwini wanga, a Gelesomu, amuna ake a Rozina. Munthu wabwino, wosachuluka mawu. Chilichonse ukawauza amangoti, “Chabwino bambo.”

Ndakhala pakhonde ndikuganiza. Kale chalimbana wathu ankathera pa Nsaru pomwepa, akapita kutali ndiye ku Lilongwe. Lero mtedza wa m'munda mwa mkazi wanga, anaMbewe, ukuwoloka nyanja yamchere, ukupakidwa pa buledi ndi ana amene sindidzawaona. Ndipo makolo a anawo akufuna kudziwa ngati amene anaukumba ali bwino. Ena akudandaula kuti ndi kutilowerera. Ine ndikuona ulemu. Mavenda sanandifunsepo kuti msana uli bwanji.

Lachiwiri

Tsiku loyeserera, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shedi. Mlendo ndine. Ndavala tayi ndi magalasi owerengera, ndipo ndikulankhulira m'mphuno kuti anthu azolowere.

Ndikuyamba ndi anaNkhoma, amene analowa kalabu tisanakhale ndi shedi.

“Kodi mayi, ana amagwira ntchito m'munda mwanu?”

“Onse! Ana anga si alesi ngati a anthu ena ali pano. Mzime wanga amadzuka tambala asanalire, amalima mpaka dzuwa pamutu, ngakhale akudwala.”

Mzime ameneyo ndi a Bizaliele. Imvi mutu wonse, zidzukulu zodzaza bwalo.

Ndikufotokoza mofatsa kuti kampani ikati mwana imanena wamng'ono, wa msinkhu wa sukulu. AnaNkhoma akundiyang'ana ngati ndatukwana. “Ndiye a Bizaliele ndiwakane? Anabereka ndani, kampani?”

Kukambirana kwatenga m'mawa wonse. Mavuto ena atulukira pomwepo:

— a msungichuma amatcha antchito awo a ganyu “ana anga”
— amayi a chigwirizano onse ndi “ana a abusa”
— bambo wina akuti ng'ombe zake ndi ana ake, ndipo zimakoka ngolo

Tagwirizana chimodzi: Lachisanu mawu akuti mwana asatuluke m'kamwa mwa munthu. Pobalalika anaNkhoma akung'ung'udza njira yonse. Koma amva. Ndinaphunzitsapo Sande sukulu ine, ndimadziwa nkhope ya munthu amene wamva.

Chimbudzi chafoleredwa theka. A Gelesomu ndawatumanso kukatenga matumba atsopano ku Kabudula. “Chabwino bambo.”

Lachitatu

Ana onse kusukulu! Aphunzitsi aakulu atumiza uthenga wofunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta, chifukwa akuona nkhope zimene anaziiwala.

Chimene sindinachiganizire ndi mbuzi. Masana ano zilibe woyang'anira. Zalowa pamene tayanika mtedza ngati zaitanidwa ku ukwati, yamanyanga opindika ija ikutsogolera. Akuthamangitsa ndi a Gelesomu, udzu wofolerera uli paphewa. Kenako amanga mpanda. Kenako abwerera padenga.

AnaMbewe, akusankha mtedza osandiyang'ana: “Mkamwini ameneyu mumupha.”

Sindikumupha ayi. Ndi mmene mwamuna amalowera m'mudzi mwa eni. Inenso ndinabwera kuno chomwecho, ndi sutikesi ya malata ndi njinga yopanda mabuleki. Ndinalima kwa apongozi, ndinamanga nkhokwe, ndinakumba chitsime chimene tikumwa mpaka lero. Malemu apongozi anga aamuna sankayamikira ndi pakamwa. Ankangobwera kumapeto kwa mzere, n'kuponda nthumbira ndi phazi, n'kupita. Ndinkagona manja akutentha, koma mtima uli bwino, chifukwa anaMbewe ankandibisira mbatata yootcha m'thumba la jekete.

Ndiye tsiku lina, Rozina asanayambe n'kukwawa komwe, apongozi aamuna aja anandiitana kuti tiyende. Titafika kudambo anatambasula dzanja. “Kuyambira pachulu apa mpaka pa muwanga uwo. Zimene mukolole pamenepa ndi zanu ndi akazi anu.” Mawu okhawo. Ndimaumvabe mpweya wa m'mawa umenewo.

Apongozi anga aakazi alipobe, kunyumba ya kumtunda, ndipo akuona bwino kuposa ine. Mpaka lero tikakumana panjira ndimapatukira m'udzu, monga mwa ulemu wathu.

Mwana woyamba wa a Gelesomu nayenso wapita kusukulu lero. Wakula msanga bwanji!

Lachinayi

Alangizi aimba foni. Akuti mafunso si a ana okha. Pali enanso:

— kodi alipo amene amagwira ntchito osalipidwa?
— kodi alipo amene sangathe kukana ntchito?
— kodi alipo amene sangathe kuchoka atafuna?

Akutinso mlendoyo azilankhula ndi munthu aliyense payekha, wapampando ali patali.

Ndaseka mpaka alangizi afunsa ngati netiweki ili bwino. Ukapolo unatha agogo athu asanabadwe! Waganyu timamulipira dzuwa lisanalowe. Matenanti ali ku maesiteti a fodya uko, kuno kulibe. Awa ndiye mafunso amene tikhoze osawerenga.

Ndikuwabwereza mokweza pabwalo kuti anaMbewe asekeko. Sakuseka. A Gelesomu ali chapafupi, akuthothola mtedza wa m'munda mwathu. Manja aima.

“Bambo, pepani. Funso lachiwiri lija mwati bwanji?”

Ndikuwabwerezera onse atatu, pang'onopang'ono. Akugwedeza mutu, milomo ikuyenda ngati akuloweza vesi. Zandisangalatsa kwambiri. Achinyamata ambiri za kalabu alibe nazo chidwi. Ndawakumbutsa lamulo lathu: zoona, koma mwachidule.

“Chabwino bambo.”

Chimbudzi chatha. Makasu ali kudenga. Mbuzi zili pa chingwe. Tayi wasitidwa ndi simbi ya makala, ali pa msomali. Mawa tikawaonetse kuti kuno kuli anthu!

Lachisanu

Afika ndi galimoto yoyera: mayi wachizungu wa chipewa chachikulu, alangizi, ndi womasulira, mnyamata wokulira m'tauni wa Chichewa cha pa wailesi. Mayiyo ndi waulemu, moni wapereka ndi manja awiri.

Poyamba zonse bwino. Shedi aikonda. Chimbudzi achijambula. AnaNkhoma akhoza mopitirira: “Ine mwana ndilibe, ndi mmodzi yemwe.” A Bizaliele, ali pambali pawo, avula chipewa n'kuyang'ana kumwamba.

Kenako tikupita kumunda. Kutsogolo kukubwera a Gelesomu, thumba pamutu. Kumbuyo kwathu kuli anaMbewe. A Gelesomu atangowaona apongozi awo, thumba pansi, iwo m'udzu, agwada, nkhope ayang'anitsa kutchire. Ulemu weniweni, wosowa masiku ano! Mlendo akufunsa kuti bamboyu akuopa ndani. Ndikuyankha monyadira: “Eni munda, awa.” Cholembera chikuyamba kuthamanga.

A Gelesomu awatengera pansi pa mtengo. Ine sindikumvetsera ayi, kungoti nkhokwe ya pafupi pamenepo inafunika kuiona ngati chiswe sichinalowe.

“Mumalima munda wa ndani?” “Wa apongozi.”

“Mumalipidwa?” “Ayi.”

“Mungathe kukana?” A Gelesomu akuseka pang'ono. “Kukanira apongozi?”

“Nanga mutafuna kuchoka?” “Ndingachoke ndi khasu ndi bulangete. Mkazi ndi ana atsala.”

“Alipo ena ngati inu?” “Mudzi wonse.”

Womasulira akusakasaka mawu a mkamwini m'Chingerezi. Sindikudziwa amene wawapeza, koma mayi uja wavula chipewa.

Pofika masana, mzere wa akamwini wayambira pa mtengo mpaka pa mjigo. Amuna amene sindinamvepo mawu awo pa msonkhano, lero akuchita kulandana mpando. Wina wabwera ndi khasu lake kudzaonetsa mmene lathera.

Ndikuyesa kulowererapo ngati wapampando. AnaMbewe, pofuna kundithandiza: “Musadabwe mayi, ndi mwambo. Awanso ndi akamwini.”

Mlendo akufunsa kuti kuyambira liti. Ndikumuuza kuti ndinabwera tsitsi lili lakuda. Wandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, maso ali ndi misozi, ndipo womasulira akuti, “Akuti simuli nokha, bambo.”

Pamaso pa kalabu yonse. Nditavala tayi!

Loweruka

Alangizi akuti anafotokoza za chikamwini njira yonse mpaka ku Lilongwe, mawu anachita kuwathera. Abweranso m'mawa uno ndi yankho.

Za kugwada m'udzu, mayi uja wamvetsa, ndipo akuti wapepesa. Zoti mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, wamvetsa, mpaka akuti kwawo zikanakhala choncho bwenzi zili bwino. Zoti ine ndipulumutsidwe, wazisiya. Koma funso limodzi wakana kulisiya: mtedza ukagulitsidwa, gawo la amene anaulima lili kuti?

Chigamulo chake nachi. Mkamwini aliyense wolima mtedza wa kalabu akhale ndi munda wakewake, kapena gawo lodziwika pa zokolola, ndipo dzina lake lilowe m'kalabu. Zikatero apitiriza kutigula. Zikapanda kutero, moni kwa mavenda.

Msonkhano wadzidzidzi pa shedi. Apongozi a mudzi wonse abwera, ndipo onse akuyang'ana ine.

AnaNkhoma: “Sabata yonse kutiphunzitsa kukana ana athu, za akamwini osatiuza!”

A msungichuma: “Kodi mkamwini wa ndani anayambitsa?”

A Gelesomu, ali kumbuyo kwenikweni, mwaulemu wonse: “Ine ndinangoyankha zoona mwachidule, monga bambo ananenera.”

Ndaimirira kuti nditeteze mwambo, ndipo ndautetezadi bwino. Ndanena za ulemu, za kuphunzira khama, za mudzi umene umalandira mlendo n'kumusandutsa mwana. Ena aombera m'manja. Koma ndili pakati pa kulankhula ndafika pa chulu ndi muwanga, pa dzanja lija la malemu apongozi anga. Mwambo umene ndikuutetezawu unali ndi mbali ziwiri. Ine anandionetsa munda Rozina asanakwawe. Mwana wa Rozina ali kusukulu.

Ndamaliza ndi kunena kuti mlendo sanabweretse lamulo lachilendo, wangotikumbutsa lathu lomwe. Izi sanaombere m'manja. Komabe manja ovomereza akwera, ena mochedwa ngati akunyamula mtondo. Mavenda amawaopa kuposa mmene amakondera akamwini aulere.

Kunyumba anaMbewe akungoti, “Mawa tikaweruka kutchalitchi mupite nawo kudambo. Munda ndi wanga, koma dzanja likhale lanu.”

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve bwino. Akamwini akuimba mokweza lero, mabesi okhaokha.

Titaweruka ndikuwaitana a Gelesomu kuti tiyende. Kuyenda si ntchito, Sabata silinasweke. Chulu chilipobe. Muwanga wakula, mthunzi wake ukufika pamene kale panali mizere. Ndinakonza mawu ambiri, okoma, okhala ndi mitu itatu ngati ulaliki. Atuluka ndi omwe aja: “Kuyambira pachulu apa mpaka pa muwanga uwo. Zimene mukolole pamenepa ndi zanu ndi akazi anu.”

Ayang'ana mundawo nthawi yaitali. Atola dothi, alifikisa m'manja. Sanati chabwino bambo. Ati, “Zikomo bambo.” Sindinadziwe kuti mawu awo ndi aakulu chonchi.

Ndiye zinthu zili motere:

— kampani ipitiriza kutigula
— mavenda adikire chaka china
— dothi labwino koposa la anaMbewe lapita
— mtedza wotsala pabwalo athothole ndi ine, a Gelesomu akuti mawa akukayamba kusosa kwawo
— a Bizaliele sakulankhulabe ndi amayi awo

Ana akunja aja adya chiponde chawo ndi mtima woyera. Ndikukhulupirira kuti makolo awo agona bwino. Ine msana wayamba kale kundifunsa mafunso.

Pobwerera ndili ndekha, kanjira ka kumtunda, ndikuona ndodo ndi duku yoyera zikubwera. Apongozi anga. Miyendo yadziwa yokha. Ndili m'udzu, ndagwada, suti ya kutchalitchi yadzaza chisoso, nkhope kutchire.

Aima patali, akulankhula ngati akuuza mtengo: “Bambo a Rozina, ndamva kuti azungu amakulirirani. Nkhokwe yanga ija yapendekeka. Mawa mubwere ndi nsungwi.”

Sindilipidwa. Sindingakane. Kuchoka ndiye sindinaganizepo.

Ndati, “Chabwino amayi.”