Mbatata Imene Inaitana Apolisi ku Banku

Anzanga, mukamandiona ndi tayi m'khosi ndikutsika njinga yamoto pakhomo pa banku, musamafulumire kunditcha shefi, ngati kuti ndine bwana. Ine ndikuphunzira ntchito chabe. Masana ndimakhala pa balikau, paja timalandirira makasitomala, madzulo ndimathamangira ku yunivesite, ndipo wolipira sukuluyo ndi banku yomweyo. Ndiye mwamva kale, akandichotsa ntchito digiri nayonso yathera pomwepo, ndibwerere kwathu ku Lulimile kukathandiza amalume kugulitsa makala.

M'mwezi wanga wachiwiri, tsiku limene anzanga ankaphunzitsidwa za chitetezo, ine ndinali ndi mayeso kusukulu. Nditabwera anandipatsa kabuku koti ndikawerenge, ndi pepala loti ndisaine kuti ndawerenga. Kusainako ndinasaina, mokongola ndithu, mpaka ndi kamchira kumapeto. Kabukuko sindinakatsegule ngakhale chikuto. Munthu wa ku yunivesite angaphunzirenso chiyani m'kabuku ka zithunzi?

Wondiyang'anira pantchito anali Dona Aissa. Mayi amenewa ine ndimawagomera, ndinene poyera. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ali pa balikau, osalandirapo kalata ya chenjezo ngakhale imodzi. Nkhalamba yosamva Chipwitikizi ikalowa amailankhula Chiyao, msodzi wochokera kunyanja amamulankhula Chinyanja, ndipo munthu wolowa atafufuma ndi mkwiyo amatuluka akuseka, atawafotokozera kale za matenda a mkazi wake. Ine ndinkangofuna tsiku lina adzati, “Mwana uyu ali bwino.”

Tsono kuzizira kwa Lichinga mu Juni mukukudziwa. Tsiku lina m'mawa jekete ndinalisiya dala kunyumba, chifukwa ndikanalivala malaya anga atsopano akanawaona ndani? Pofika mu tauni zala zinali zitauma gwa, moti cholembera sindikanachigwira. Ndinagula mbatata yootcha kwa mayi wina pamsewu, yaikulu, yotentha, yokulunga m'nyuzipepala. Lamulo limaletsa chakudya pa balikau, ndinkadziwa, koma ndinati iyi si yodya, ndi yootha. Ndinaibisa pakashelefu ka pansi, ndipo kasitomala akachoka ndinkalowetsa manja n'kuifumbata pang'ono.

Ndikufufuza choncho, chala chinakhudza kabatani kobisika pakona. Nzeru zinandibwerera msanga, poti ndine wophunzira: banku yaikulu chonchi singaiwale miyendo ya antchito ake m'nyengo yozizira, aka ndi koyatsira chotenthetsera. Ndinadina. Ndinadikira kutentha, zii. Ndinadinanso. Kachitatu ndinakanikiza osachotsa chala, monga timachitira ndi rimoti yotha mabatire. Mumtima ndinali nditakonza kale zokauza a jerenti, bwana wamkulu wa nthambi yathu, kuti chotenthetsera cha pa balikau yachitatu chinafa, mwina angandiyamikire kuti ndine watcheru.

Sipanapite nthawi, mlonda anatseka chitseko. Kunja kunaima galimoto, apolisi n'kulowa ndi mfuti akulamula kuti aliyense agone pansi. Woyamba kugona ndinali ine, malaya atsopano aja pasimenti, ndikupemphera ndi mtima wonse kuti mbavazo zigwidwe. Dona Aissa okha ndiwo sananjenjemere. Anagwada pafupi ndi bambo wina wokalamba amene mawondo ankamukanika, namugwira phewa, akumulankhula Chiyao motsitsa mpaka anakhala pansi bwinobwino.

Mbava sizinapezeke. A jerenti anayang'ana pa kompyuta yawo n'kunena kuti chizindikiro chachokera pa balikau yachitatu. Wapolisi anasuzumira pansi pake, kenako anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

“Pali phukusi apa,” anatero, “ndipo likutentha.”

Anthu onse anakwawira kukhoma. Apa m'pamene munthu wanzeru akanadzutsa mutu n'kunena kuti pepani, ndi kadzutsa wanga. Ine? Ndinakwawa nawo limodzi. Wapolisiyo anafunyulula nyuzipepala ija ndi nsonga ya cholembera, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja, mpaka fungo la mbatata linadzaza banku yonse. Mayi wina ali chigonere anayamba kuseka, ndipo sanathenso kusiya.

Mu ofesi munalibe woseka. A jerenti anatulutsa pepala langa lija.

“Senyor Lukasi, anasaina apa ndi inu?”

“Ndine, shefi.”

“Tsamba loyamba la kabuku kaja likukamba za chiyani?”

Ndinayang'ana nsapato zanga. Anatsegula kabuku kawo n'kundionetsa: chithunzi cha batani lomwe lija, chachikulu, chodzaza tsamba lonse. Ndi loitanira apolisi mwakachetechete kukabwera achifwamba. Anati munthu wosaina bodza banku singamusunge, ndipo alemba ku likulu ku Maputo tsiku lomwelo. Ndinachita mantha, anzanga, mantha enieni. Ndinkangoganiza kuti mayi anga, amene anauza mpingo wonse kuti mwana wawo ali ku banku, ndikawauza kuti chandichotsa ndi mbatata.

Dona Aissa anali chiimire pakhomo. Anayandikira, naika chala m'munsi mwa pepalalo.

“Shefi, apa pali dzina langanso. Ndinasaina kuti ndamuonetsa zonse ndi manja. Sindinamuonetse. Tsiku limenelo mzere unafika panja, ndinati ndimuonetsa mawa, mawalo silinafike. Mukamalemba ku Maputo mulembe anthu awiri.”

Palibe anawafunsa. Akanangokhala chete, palibe akanayang'ana m'munsi mwa pepalalo. A jerenti anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, kenako anati ku Maputo salemba zochotsa munthu, koma kalata ya chenjezo tilandira tonse awiri. Ntchito yanga inatsala, sukulu yanganso inatsala.

Masana ndinawapeza Dona Aissa m'kachipinda komwera tiyi, kalata yawo ili patebulo, pambali pake mbatata ija, imene apolisi anatibwezera. Ndinayamba kupepesa, misozi ili pafupi. Iwo anabenthula mbatatayo, analuma, anatafuna pang'onopang'ono akundiyang'ana.

“Mwanangu,” anatero, “kalata yanga yoyamba m'moyo wanga wonse, ndailandira chifukwa cha mbatata. Ndiye mbatata yakenso yosapsa m'kati.”

Kuyambira tsiku limenelo pepala lililonse ndimaliwerenga mpaka timalemba tating'ono ta kumapeto ndisanasaine, odikira adikire. Ndipo batani losalidziwa sindidzalikhudzanso. Ngakhale nditabwera kwanu n'kupeza belu pageti, ndidzangoima panja n'kumakuwa kuti odi.