Fodya wa a Kachigamba ndi denga la msika

Mwambi uja wa fodya akuti unayamba motere, ngati amalume anga a Zefaniya sanandinamize. Iwo amamata machubu a njinga pamsika, ndipo nkhani amaziyamba akamadikira guluu kuti aume. Ine ndinangopita kukawafunsa za kusukulu. Tinaphunzira kuti pali boma lalikulu la ku likulu, ndiye palinso timaboma ting'onoting'ono totchedwa makhonsolo, koma sindinamvetse kuti amadyetsa mnzake ndani. Amalume anaseka mpaka chubu kugwera m'beseni. Akuti, "Khala apo, mphwanga, umve za a Kachigamba."

Kuseri kwa mapiri kunali khonsolo ina dzina lake Nsanjamaula. Inali yosauka ndithu. Ndalama zakezake zinali za matikiti a pamsika, aja amadula m'mawa kwa amayi a tomato ndi abambo a usipa. Zinali zochepa, komabe n'zomwezo zinkagula udzu ndi luzi chaka ndi chaka, kufolera shedi ya msika mvula isanagwe. Zina zonse, kaya ndi msewu, kaya ndi choko cha kusukulu, ankadikira za ku likulu.

Wapampando wa khonsoloyo anali a Kachigamba, bambo wamfupi wa jekete la manja aatali. Zisankho zinali pafupi, ndipo aliyense ankadziwa kuti amene anthu a pamsika amukonda ndi amene akhale pampando. Wolimbana nawo anali mayi Nasimango, khansala wa chipani china, amene ankagulitsa mchere pamsika pomwepo. Choseketsa n'chakuti awiriwa anali pachilamu, poti a Kachigamba anakwatira mng'ono wawo wa mayiwo. M'khonsolo ankalozana zala, pamaliro ankagawana mphasa.

Tsiku lina foni inalira mu ofesi. Mawu a ku likulu akuti, "Pempho lanu la denga la msika lavomerezedwa. Titumiza munthu adzaone."

A Kachigamba sanafunse kuti liti, sanafunse kuti zingati. Anathamanga mpaka pamsika, nsapato imodzi n'kutsalira pakhomo la ofesi. Anakwera pa thumba la chimanga la mwini wake n'kukweza manja.

"Abale anga, udzu tasiyana nawo. Malata akubwera."

Nthungululu zinamveka mpaka kudambo. Mayi Nasimango okha ndi amene anapitiriza kuyeza mchere.

"Afika pati malatawo, alamu?"

"Ali m'njira."

"Njira yake iti? Ya kumtunda, kapena ya kumlatho wothyoka uja munalonjeza chaka chatha?"

"Alamu, nsanje imakalambitsa. Taonani makwinya ayamba kale."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunawakwera a Kachigamba m'mutu ngati kachasu. Ali pathumba pomwepo anati, "Ndiponso kuyambira lero matikiti atha. Mwana amene bambo ake ali ndi khola la ng'ombe sakama mbuzi. Ife bambo athu ali ku likulu." Matikiti onse otsala anawapereka kwa ogulitsa mtedza kuti azikulungira. Tsiku limenelo pamsika panavinidwa, ngakhale wogulitsa mabokosi a maliro anavina.

Mayi Nasimango anati, "Ine zimenezi ndikutsutsa ndi mtima wanga wonse." Wina n'kuwafunsa ngati iwo apitiriza kudula tikiti. Akuti, "Kutsutsa ndikutsutsa, koma ndine chitsiru ine kuti ndizilipira ndekha?"

Kenako makhansala anayamba kukumana kuti agawe ndalama zija. Apa ine ndinawadula amalume, ndinati agawa bwanji zinthu zoti sizinafike? Amalume anangondiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake nkhuku ilibe mano. Akuti ndalama zosafika ndiye zimagawika bwino, chifukwa sizitha.

Msonkhano woyamba unali wa mtundu wa malata. Ena akuti obiriwira, ena akuti ofiira, wina akuti oyera kuti oyendetsa ndege aziona kuti pansipa pali anthu. Msonkhano wotsatira unali wa ndalama zotsala malata akagulidwa. Khansala wina, a Chimtolo, anafuna wotchi yaikulu pamwamba pa msika. Wina anati wotchi ya chiyani pamene tambala alipo, bola msikawo ukhale wosanjikiza, usipa pansi, zitenje pamwamba. A Chimtolo anati fungo la usipa limakwera, silitsika. Anakangana za fungolo mpaka dzuwa kupendeka.

Nawonso mayi Nasimango, amene ankati ndalamazo kulibe, anaimirira.

"Ndalamazo ine sindikuzikhulupirira. Koma zikabwera, muyambe kukhoma mbali ya mchere, chifukwa mchere ndi umene umasungunuka."

"Mwaona? Ndalama zoti kulibe akuzifunanso," anatero a Kachigamba.

"Ndikufuna mbali yanga ya zoti kulibezo."

"Mbali yanu ya kulibe ndi kulibe, alamu."

A Chimtolo anaponya nsapato, inakagwera pa mlembi. Makhansala a chipani cha mayi Nasimango anatuluka mokwiya, koma atamva kuti mandasi afika anabwerera mokwiya momwemo. Msonkhano uliwonse unali ndi alawansi yake, ndi zoziziritsa kukhosi zake. Ndalama zake zinkachokera mu kathumba ka ndalama za matikiti akale, kamene kanasungidwira udzu wa chaka chimenecho. Pamene ankagwirizana kuti malata akhale obiriwira kutsogolo, ofiira kumbuyo, kathumbako kanali katapepuka ngati nthenga.

Tsopano uthenga unabwera kuti munthu wa ku likulu uja afika sabata ya mawa. A Kachigamba anapita kukaima pakati pa msika, n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali. Denga la udzu lija linali lakale, lodontha pakona ya nsomba, koma linali denga ndithu. Nkhope yawo inagwa.

"Denga ili litipachika," anatero. "Bwana akadzaliona adzati anthu awa ali bwino, ndalama n'kuzipititsa kwa ena. Ku likulu amathandiza ooneka ovutika. Ife sitikuoneka ovutika mokwanira."

"Ndiye mutani?" anafunsa mayi Nasimango.

"Tilisasula."

"Alamu, uno ndi Novembala. Mwayang'anako kumwamba?"

"Kumwamba kulibe voti."

Anyamata anakwera tsiku lomwelo. Udzu unatsika mitolomitolo, anthu n'kumatola, wina kukamangira bafa, wina khola la nkhunda. Makoswe amene anabadwira m'dengamo anatuluka ndi mabanja awo kulowera ku ofesi ya khonsolo. Udzu utachoka, phaso linayamba kuyenda lokha. Phaso litatha, nsanamira nazo zinapeza miyendo. Pofika Lamlungu, pamene panali shedi panali bwalo loyera, mayenje okhaokha ngati pabawo. Amayi a tomato ankagulitsa atafunda zitenje kumutu, tomato akupsa yekha padzuwa.

A Kachigamba anayenda pabwalopo manja ali kumbuyo, akumwetulira. "Tsopano ndiye tavutika bwinobwino," anatero.

Tsiku lija linafika. Anabwereka tenti ya kutchalitchi n'kuikhoma pakati pa bwalo, pansi pake mipando ya makhansala. Kwaya inaphunzira nyimbo yatsopano yotchula malata. Ana anawaimika m'mbali mwa msewu kuti aziombera m'manja malole akamadutsa. Kunja kunali kotentha, kopanda ndi kamphepo komwe, koma cha kumapiri mitambo inali itayamba kuunjikana.

Malole sanabwere. Inabwera njinga yamoto ya kabaza, kumbuyo kwake kuli mtsikana wa fumbi m'nsidze, atanyamula tepi yoyezera. Anatsika, n'kupereka moni mwaulemu, akuti dzina lake ndi Zione, wachokera ku likulu.

A Kachigamba anamugwira chanza koma maso ali kumsewu. "Enawo ali m'mbuyo?"

"Ndabwera ndekha, bambo."

"Eya, eya. Katundu wolemera amayenda pang'onopang'ono. Khalani, mayi, khalani."

Kwaya inaimba. A Kachigamba anakhala pafupi ndi mlamu wawo. Ataona mayi Nasimango akumasula kachitini ka fodya wofwenkha pa mfundo ya chitenje, anatambasula dzanja.

"Tandigawireniko, alamu, mutu uyere ndisanayankhule."

"Wanu ali kuti?"

"Wanga ndidzagula malata akafika."

Mayi Nasimango anagogoda kachitini. Munali fodya wotsalira pansi penipeni. Anathira pang'ono pa chala cha a Kachigamba, wotsalayo pa chala chawo, ndipo wawoyo anafwenkha nthawi yomweyo, mphuno iyi ndi iyi.

"Fwenkhani musanaimirire," anatero.

Koma dzina la wapampando linali litaitanidwa kale. A Kachigamba anaimirira fodya ali pachala, ndipo poyang'ana chalacho nzeru inawabwerera. Anatuluka mu tenti kuti aliyense awaone, n'kukweza chala m'mwamba.

"Abale anga, mukuona chiyani apa?"

"Fodya," anayankha anthu.

"Ndi wa yani?"

"Ndi wanga," anatero mayi Nasimango ali mu tenti.

"Anali wanu. Pano ndi wanga, chifukwa ali pa chala changa. Ndikhoza kufwenkha tsopano, ndikhoza kufwenkha madzulo, palibe wondithamangitsa. Ndalama za ku likulu zili chimodzimodzi. Zili apa." Anagwedeza chala mosamala. "Ena ankati tizidalira timatikiti ta tomato. Ena ankati tisunge udzu ngati mbewa. Lero aone okha."

Anayankhula za wotchi. Anayankhula za msika wosanjikiza. Anafika mpaka pa sitima yapamtunda imene idzaime pa Nsanjamaula kudzagula usipa. Chala chili m'mwamba, mkono utatopa, koma osautsitsa. Pomaliza anati, "Tsopano mlendo wathu atiuze kuti malata atsikira pati."

Zione anaimirira ndi tepi yake, akuyang'ana uku ndi uku.

"Zikomo, bambo wapampando. Ine andituma kudzayeza denga loti likonzedwe. Mungandilozere pamene lili?"

Mbuzi ina inalira kumbali ya makala.

"Linali apa," anatero a Kachigamba, akuloza ndi chigongono poti chala chinali pa ntchito. "Talichotsa kuti muone mavuto athu bwinobwino."

"Ndiye palibe denga?"

"Ngakhale nsanamira. Tavutika kwambiri, mayi."

Zione anakanda m'mutu. "Pepani, bambo. Ndalama zimene zinavomerezedwa ndi zokonzera denga lowonongeka. Likanakhalapo, ngakhale lodontha, bwenzi ndikuyeza pano. Koma apa palibe chokonza. Apa pakufunika kumanga msika watsopano."

"Ndiye timange watsopanowo."

"Zomangamanga ndi ofesi ina, ya pamwamba pa yathu. Mukapemphe kumeneko. Za chaka chino anagawa kale."

"Nanga zathu zija?"

"Zipita kwa amene ali ndi denga."

Mayi wina wa tomato anafunsa mokweza kuti, chabwino, udzu wa chaka chino ugulidwa liti? Makhansala onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. A Chimtolo anageya mandasi.

Nthawi yomweyo kamphepo kaja kamatsogolera mvula kanatsika kuchokera kumapiri. Kanadutsa pabwalo, kananyamula fumbi ndi timapepala ta mtedza, kanakweza jekete la a Kachigamba n'kulitsitsanso. Dontho loyamba linagwa pa thumba la mchere.

Anthu a pamsika sanadikire voti. Anazula tenti ija makhansala ali pansi pake, n'kuthamanga nayo kukafunditsa ufa ndi usipa. Mnyamata wa makala ananyamula mpando wa wapampando, wa nsalu yofiira, n'kuuvundikira pa dengu la mayi ake. Palibe anamuletsa, ndipo akuti a Kachigamba sanaukhalirenso mpando umenewo, ngakhale utauma.

Iwo anangoima pakati pa mayenje a nsanamira, chala chikadali m'mwamba. Mutu unkawazungulira. Ndiye anakumbuka kuti pa zonse zimene zawathawa, chimodzi chokha chatsala. Anatsitsa chala mwaulemu, anatseka mphuno imodzi, anatsinzina, n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse.

Panalibe kanthu. Anakokanso mphuno inayo. Anatembenuza chala, anayang'ana m'chikhadabo, anayang'ana pansi, anafufuza mpaka m'manja a jekete. Anthu amene ankathawa mvula anaima kuti aone wapampando akununkhiza chala chake pamvula.

"Alamu," anatero ndi mawu aang'ono, "mwatsala nako kena?"

Mayi Nasimango anali atasenza thumba la mchere, madzi oyera akuyenderera m'khosi. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma fodya uja anafwenkha anawafika pamalo. Anayetsemula kamodzi kamphamvu, misozi n'kulengeza, anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, ndiye anati:

"Alamu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo."