Kuweta Painelo

Lolemba
Zidziwike ku Massangulo konse: munthu amene walemba dzuwa ntchito ndine. Odutsa pakhomo panga azivula chipewa.

Mwana wanga Rosita watumiza kuchokera ku Cuamba painelo ya sola, bateriya ndi mababu. Walimbana ndi mwini loja, sitolo ya kumeneko, mpaka kumutsitsira mtengo, komabe thumba lake labooka. Mulungu amuonjezere! Lamulo lake pafoni: "Bambo, painelo ikhale padenga. Bateriya ikamagona ndi njala imafa, ndipo ina sindigula. Ndibwera Loweruka."

Padenga? Ndi akuba achulukawa? Ayi. Ndiziitulutsa m'mawa, kuilowetsa madzulo, ngati mbuzi.

Otsanzikana nawo: makandulo, mabatire a wailesi, kulipira kotchaja foni. Ndalama zotsalazo, kapulana, chitenje cha amake Rosita.

Lachiwiri
Ndikuweta painelo m'mbali mwa msewu. Anjinga akuima, amayi akudziyang'anirapo ngati kalilole. Mnansi wanga Che Saidi: "Mwatukuka, achimwene!" Mawu otere sangachoke osamwa tiyi. Shuga wa sabata yonse wapita.

Masana dzuwa likuwotcha dazi. Ndikusamukira pansi pa mango, painelo nayonso. Nayonso imatopa.

Lachitatu
Maliro ku Mitande. Painelo ndaitsekera kuchipinda, ndaifunditsa bulangete. Njira yonse dzuwa likuwala mpaka kupsetsa mtima. Laulere, likungotayika!

Lachinayi
Alendo achuluka, aliyense kafoni kakufa m'thumba. Bwana wa dzuwa angakane bwanji? Onse akuyamwa bateriya imodzi. Kudimba mbande za fodya zikufota, wothirira ali pa ubusa. Nkhuku yakwera painelo, yasainapo.

Lachisanu
Kabokosi ka bateriya kakuphethira diso lofiira. Babu likuwala ngati chiphaniphani chodwala malungo. Amake Rosita agula kandulo, akuiimika patsogolo panga penipeni. Kapulana ija, tsalani bwino. Thukuta la mwana wanga ndalipha ndi manja angawa? 

Loweruka
Wafika. Akuyang'ana diso lofiira, akuyang'ana ine. Ndikumufotokozera za akuba. "Akubawo anaba kwa yani, bambo?" Chifuwa chandigwira mwadzidzidzi. Wabwereka makwerero kwa Che Saidi, wakwera yekha, wamanga painelo ndi waya. Ine ndikugwira makwerero. Udindo waukulu, si aliyense angathe.

Lamulungu
Diso labiriwira! Bateriya yapulumuka, wailesi ikuimba, kandulo yabwerera m'chitini. Zikomo Rosita, zikomo dzuwa losasunga chakukhosi, zikomo amake Rosita amene athirira fodya mwakachetechete. Kapulana mudzavala ndithu, mwezi wake sinditchula.

Ndakhala pakhonde. Odutsa akupereka moni kudenga, ine osandiona. Chabwino, mawa ndipita kudimba.

Za akuba zija ndinapeka ndine. Kuno chinabedwapo ndi tambala mmodzi yekha, ndipo ndinadyako. Ndinkangofuna kuti anthu akamaona painelo aziona ndi bambo ake a mwana woigulayo.