Fumbi la pa Matepi

Lolemba

Sabata yachitatu pa shopu yobwereketsa matepi a vidiyo, mu Mosi-oa-Tunya Road. Ba Mweemba, eni ake, akupereka theka la chipinda kwa akazi awo kuti atsegule saluni. Theka la matepi lichoke pofika Loweruka, ndipo wosankha ndine.

"Si ndimwe munapita ku koleji, ba Tembo? Chosani yamene bantu safuna. Mukachosa yabwino, muyende nayo pamodzi."

Fakitale ya nsalu inandichotsa kale. Kawiri ayi. Buku lakale la obwereka? Anakulungira zitumbuwa.

Zoti ndichite:
1. Kupukuta tepi iliyonse. Fumbi la muno ndi lochititsa manyazi.
2. Kuyeza zimene anthu amakonda, mwa sayansi.
3. Kusakwiya.

Lachiwiri

Mlamu wanga wa pa hotela ya kumathithi akuti kunja anthu amapatsa mafilimu nyenyezi pa intaneti, basi nkhani yatha. Akundilowetsa mu ofesi mwakabisira. Kompyuta ikulira ngati mbuzi yomangidwa, foni yolumikizira intaneti ikuduka katatu. Ola lonse tsamba likutuluka theka. Mafilimu onse a nyenyezi zambiri ife tilibe. Wa ku komboni ya Libuyu amene wavotapo palibe ndi mmodzi yemwe.

Ndikumaliza kupukuta shelefu yachinayi.

Lachitatu

Intaneti yangayanga: katoni ya nsapato, kabowo pamwamba, timapepala. Dzina lanu, filimu yanu, wosewera wanu.

Madzulo ndikutsegula. Onse alemba filimu ya m'Baibulo. Onse! Ngakhale madikoni aja awiri amene ndawaona ndi maso angawa akukulunga tepi ya karate m'nyuzipepala. Mayi wina wa kwaya akundinong'oneza: "Nalemba ya Mulungu, koma nipaseni ija ya mukazi wolira wa ku India."

Anthu abodza. Mutu ukugunda.

Lachinayi

Ndachotsa mzere wa dzina. Mwachinsinsi munthu anena zoona. Zotuluka m'katoni:
- mapepala khumi ndi limodzi, dzanja limodzi, onse a mkulu wa karate wosavala malaya uja
- "Saluni iseguka liti?"
- "Ba Tembo, sekaniko."
- chingamu

Zaka zitatu ku koleji kuti ndizimatula chingamu pa zala. Ndapukutanso mashelefu onse kuti mtima utsike.

Lachisanu

Pakamwa anama, papepala anama, koma kukuwa sanganame. Ndikupita ku chipinda choonetsera vidiyo ku Libuyu, taye pakhosi, kope m'manja, kukamva wosewera amene amukuwira kwambiri. Mwini wake akuona tayeyo, akuyesa ndine wa khonsolo, akuzimitsa TV pakati pa ndewu. Anthu akukuwadi, mokweza kuposa mmene ndimayembekezera. Akukuwira ine.

Cholembera changa chatsala komweko.

Loweruka

Mndandanda ndilibe. Amayi a saluni akufika ndi mabeseni awo, akundipeza nditagwira mutu.

"Mwavutikira chani, ba Tembo? Tepi yamene bantu safuna imankhala na fumbi. Yamene bakonda siigona pa shelefu. Ni so chabe."

Akupititsa chala pa tepi yoyamba. Choyera. Yachiwiri. Choyera. Shelefu yapamwamba, kumene chaka chonse sikunafike dzanja la munthu: mbee. Akuyang'ana chala chawo, akuyang'ana nsanza ili paphewa panga.

Chaka chathunthu anthu a tauni ino akhala akuvota moona mtima, tsiku ndi tsiku, osadziwa. Ine ndafufuta zonse kuyambira Lolemba, ndi sopo.

Lamulungu

Ba Mweemba asankha okha: mashelefu a kumanzere achoke, chifukwa ndi kumene kukhale sinki. Karate yonse inali kumanzere. Ya ku India nayonso. Yatsala ndi ya m'Baibulo, monga anthu anapempha Lachitatu.

Ku tchalitchi madikoni aja andipatsa moni ndi manja awiri. Sanamvebe kuti karate yapita.

Ntchito ndikadali nayo mpaka mawa, iwo akabwera ndi nyuzipepala zawo. Nsanza ndaipereka ku saluni.